Dwale la Arauna ndi Situdiyo ya Kwaya Yathu

Mawu a lero achokera m'buku lachiwiri la Samueli, mutu 24. Mliri unali utapha anthu 70,000 mu Israeli chifukwa cha tchimo la mfumu Davide. Mneneri Gadi anauza mfumuyo kuti ikamange guwa la nsembe pa dwale lopunthira tirigu la Arauna Myebusi. Arauna ataona mfumu ikubwera, anaigwadira n'kupereka zake mwaulere: ng'ombe za nsembe, ngakhale magoli ndi zopunthira kuti zikhale nkhuni. Davide anakana. Anatulutsa masekeli 50 a siliva n'kulipira, pakuti mtima wake sunalole kuti apereke kwa Mulungu chinthu chimene iye mwini sanachikhetsere thukuta. Pamalo pomwepo m'pamene Solomo anadzamanga kachisi.

Ndatenga nkhaniyi chifukwa cha makwaya athu. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, mabelo akayamba kutuluka m'zigafa, nkhani ya chimbale imabuka pafupifupi mu mpingo uliwonse, kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya, ku Chamama mpaka ku Chulu. Ena amasonkha ya minibasi kupita ku situdiyo ku Lilongwe. Ena amati tili naye mnyamata wathu wa laputopu, tingomugulira maiki, atijambule konkuno. Maganizo achiwiriwa ndimawakonda, chifukwa luso limatsala pakhomo. Koma nyimbo yotamanda Mulungu ndi nsembe, ndipo tiyenera kufunsa za guwa limene tikuiperekerapo.

Funsani mnyamata wa laputopuyo kuti pulogalamu imene amapangira mabiti anaipeza bwanji. Nthawi zambiri adzakuuzani kuti ndi FL Studio kapena Cubase ya crack, kutanthauza kuti wina anathyola loko wake kuti igwire ntchito osalipira. Windows imene ili m'kompyutamo nayonso kawirikawiri ndi yotero. Sindikumuweruza mwanayo, mapulogalamuwa amagulidwa ndi madola, ndipo ndi mabanja angati kuno amene angatulutse ndalama zotero? Komabe chinthu chili ndi mwini wake, ndipo mwiniwakeyo sanatipatse. Ife tomwe timadandaula tikapeza nyimbo za kwaya yathu zikuthiridwa m'mamemori kadi pamsika popanda chilolezo. Timatchula COSOMA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze ntchito za oimba ndi olemba, timatchulanso lamulo la 2016 la umwini wa zaluso. Tikulira kuti atibera, pamene nyimbo yobedwayo tinaijambula ndi chida chakuba. Davide anakana dwale lopatsidwa ndi manja awiri. Nanga akanaliona bwanji dwale lolanda usiku?

Njira ina ilipo, ndipo ndi yoyera. Mu 1991, wophunzira wa ku Helsinki, Linus Torvalds, anayamba kulemba Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta monga Windows, n'kuitsegulira aliyense kuti aigwiritse ntchito, aiwerenge mkati mwake, aikonze ndi kuigawa. Anamanga pa maziko a ntchito ya GNU imene Richard Stallman anayambitsa mu 1983. Mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa Ubuntu, mtundu wa Linux, ndipo mu 2007 munatuluka Ubuntu Studio, yokonzedwera anthu a nyimbo, mavidiyo ndi zithunzi. Palinso ina yotchedwa AV Linux. M'menemo mumapezeka Ardour yojambulira mawu a anthu ambiri ndi kuwasakaniza, Audacity yodulira ndi kuyeretsa, Hydrogen ya ng'oma, LMMS ya mabiti, ndi MuseScore yolembera manotsi. Kukopera zimenezi pa fulashi n'kupatsa kwaya ya mpingo woyandikana nawo si kuba. Eni ake analemba m'chilolezo chawo kuti tizitero. Ndipo musaganize kuti ndi zachilendo m'dziko muno. Bungwe la Baobab Health, limene linayamba kulemba odwala pa makompyuta pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, linadzagwiritsa ntchito mapulogalamu otseguka a mtundu womwewu.

Pano mkulu wa mpingo wina wotchera khutu adzandigwira mawu. Adzati, "Abusa, mwangotiuza kuti Davide anakana zaulere, ndiye mukutipatsanso zaulere?" Funso labwino ndithu. Yankho lake n'lakuti Linux siilipiritsa ndalama, koma ili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ndi kuphunzira. Munthu wa crack amangodina zimene anaona mnzake akudina. Wa Linux ayenera kukhala pansi, kuwerenga, kulakwitsa, kufunsa, mpaka amvetse njira imene mawu amayenda kuchoka pakamwa pa woimba kukafika m'kompyuta. Amenewo ndiwo masekeli athu 50. Baibulo silichita manyazi ndi luso. Buku loyamba la Mbiri limatiuza kuti Kenaniya anaikidwa kutsogolera kuimba chifukwa ankaidziwa ntchitoyo, ndiponso kuti oimba ophunzitsidwa bwino a m'nyumba za Asafu, Hemani ndi Yedutuni analipo 288. Anawawerenga chifukwa anali ataphunzira, osati chifukwa anali ndi chidwi chabe. Ndipo ife a ku Kasungu tilibe chowiringula. Ku Masitala, kufupi ndi Wimbe, William Kamkwamba, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anawerenga buku la m'laibulale yaing'ono n'kumanga makina amphepo opanga magetsi ndi dayinamo ya njinga ndi zitsulo zotayidwa, ali ndi zaka 14.

Tsopano ndilankhule za zida zenizenizo, chifukwa apa m'pamene ndalama za chopereka zimatayika. Komiti ikakhala pansi, maso onse amathamangira ku kompyuta yatsopano yonyezimira. Imeneyo ikhale yomaliza. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, ndipo makompyuta ambiri abwinobwino sakuloledwa kulandira Windows 11. Laputopu yakale ya ku ofesi, monga ThinkPad, Dell Latitude kapena HP EliteBook, yokhala ndi purosesa ya Core i5 ndi RAM ya 8 GB, imakwanira kujambula kwaya yonse pa Linux. Chimene muyenera kusintha ndi hard disk yozungulira ija. Ikanimo SSD, mudzaona ngati mwagula makina ena. Onaninso batire musanalipire. Kwa ife batire ndi nkhani yaikulu kuposa liwiro. Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unatigwera namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Kompyuta ya patebulo ikazimiridwa magetsi pakati pa nyimbo, ntchito ya tsiku lonse ikhoza kuonongeka, laputopu imapitiriza. Ndiponso inveta yotchipa ya sola kapena jenereta imalowetsa phokoso long'ung'udza m'mawaya. Pojambula, zulani tchaja, mugwire ntchito ndi batire.

Chida choyenera kuchiganizira mofatsa ndi kabokosi kolumikiza maiki ndi kompyuta kudzera pa USB, kamene ambiri amangoti sound card. Pa Linux funso ndi limodzi: kodi ndi class compliant? Kutanthauza kuti, kodi kamagwira ntchito kakangolumikizidwa, popanda pulogalamu yapadera yochokera ku kampani? Focusrite Scarlett 2i2 ndi Behringer UMC202HD ndi zitsanzo za timabokosi totero tolandira maiki awiri, ndipo UMC404HD kamalandira anayi. Tina todula kwambiri timafuna pulogalamu imene ilipo ya Windows ndi Mac yokha, ndipo mukakagula kotero mwataya ndalama za amayi amasiye. Samalaninso ndi mikisa yokhala ndi USB: ambiri a iwo, ngakhale ali ndi mabowo 12, amatumiza ku kompyuta mawu osakaniza kale m'njira ziwiri zokha, moti simungadzakwezenso alto payekha pambuyo pake.

Maiki alipo amitundu iwiri. A dynamic, onga Shure SM58 amene timalalikira nawo, ndi olimba, amapirira fumbi ndi kugwa, ndipo amamva zapafupi zokha. Ndi abwino kwa wotsogolera nyimbo. A condenser amamva zakutali ndi zazing'ono zomwe, koma amafuna mphamvu ya 48V yochokera m'kabokosi kaja. Awiri otero, oikidwa bwino patsogolo pa kwaya, amatola mawu onse anayi monga mmene khutu la munthu wokhala pabenchi lachitatu limawamvera. Simufunika maiki a munthu aliyense.

Koma chida chachikulu kuposa zonsezi sichigulidwa m'sitolo. Inu alimi a fodya mukudziwa kuti giredi imapangidwa kumunda ndi m'chigafa. Jeke amangopanikiza zimene mwaikamo, sasandutsa tsamba lowola kukhala labwino. Kompyuta nayo n'chimodzimodzi. Kwaya ikalowa mochedwa, besi akatsetsereka, palibe Ardour kapena FL Studio imene ingabweze zimenezo popanda kupha moyo wa nyimboyo. Ndimamva chisoni ndikamva chimbale cha kwaya imene ndimaidziwa kuti imagwedeza tchalitchi Lamulungu, koma pachimbalepo mawu afinyidwa ndi makina owongola mawu mpaka onse akumveka ngati munthu mmodzi, ng'oma yathu yachotsedwa, m'malo mwake mwalowa biti ya m'kiyibodi yofanana ndi ya makwaya ena onse. Mulungu anatipatsa mawu athuathu. Yesezani mpaka nyimbo ipse, kenako muziganiza zojambula. Sankhaninso malo ndi nthawi. Tchalitchi cha malata chimalira mvula ikagwa, chimathethekanso dzuwa likatentha masana. Jambulani m'mawa kwambiri, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, chigayo chisanalire. Ngati makoma akubweza mawu kwambiri, amayi a Chigwirizano abwereke mabulangete ndi matiresi, tipachike kumbuyo kwa oimba ndi m'makona.

Kwa inu achinyamata amene mudzagwire makinawo, mverani izi. Musafufute kanthu tsiku loyamba. Ikani Ubuntu Studio pa fulashi, yatsani kompyuta kuchokera pa fulashipo, lumikizani kabokosi ndi maiki, muone ngati zonse zikumvana; mukakhutira, m'pamene muiike mkati. Tengani ya LTS, imene imatuluka mu Epulo pa zaka ziwiri zilizonse ndipo imasamalidwa nthawi yaitali, osati yatsopano iliyonse. Ndi yaikulu magigabayiti angapo, choncho mmodzi aitsitse kumene kuli intaneti yabwino, ena onse akopere. Mkati mwake muli dongosolo loyendetsa mawu. Kale linali JACK, masiku ano PipeWire yatenga malo ambiri. Jambulani pa 48 kHz ndi 24 bit. Maiki awiri amadya pafupifupi 1 GB pa ola. Mudzamva anthu pa intaneti akukangana za latency, kuchedwa kwa mawu pakati pa kulowa ndi kutuluka. Buffer ya 256 pa 48 kHz ndi mamilisekondi 5 ndi pang'ono, nthawi imene mawu amayenda mamita osakwana 2 mumpweya. Zimenezo n'zofunika kwa woimba kiyibodi amene akumvera mawu ochokera m'kompyuta. Pojambula kwaya yoimba pamodzi, kwezani buffer ifike 1024, makina asapanikizike, mawu asadukeduke. Ndipo kuyambira mu 2024, ndi Linux 6.12, luso loyankha msanga limene kale anthu ankachita kuwonjezera paokha linalandiridwa mu Linux yeniyeniyo; musataye tulo ndi zimenezo musanaphunzire kuika maiki pamalo pake.

Sindikubisirani zovuta. FL Studio ilibe ya Linux. Zokometsera mawu zambiri zotchuka zinapangidwira Windows, ndipo ngakhale pali njira yozilowetsera kudzera mu Wine ndi yabridge, njirayo ndi yaminga kwa woyamba. Yambani ndi zimene zilipo kale, monga LSP, Calf ndi x42. N'zokwanira chimbale chonse. Wokonza makompyuta wa pa boma mwina adzakuuzani kuti Linux saidziwa, tibwezeremo Windows. Mudzafunika kupirira. Ndipo amene akufuna kulipira moona mtima, khomo ndi lotseguka: Reaper ili ndi ya Linux pamtengo wa madola 60, ndipo amene amalemba Ardour, motsogozedwa ndi Paul Davis, amalandira chilichonse chimene munthu angathe. Chimbale chikagulidwa, mpingo ungatumize kangachepe kwa iwo. Arauna nayenso analandira siliva wake.

Akuluakulu a mpingo, mbali yanu ndi iyi. Musatume mwana mmodzi yekha kuti adziwe zonsezi, chifukwa chaka chamawa adzapita ku Joni kapena ku koleji, situdiyo n'kusanduka katundu wa m'kabati. Aphunzire atatu kapena anayi, ndipo pakati pawo pakhale atsikana, amene nthawi zambiri timawaimika kutsogolo kwa maiki koma osawalola kukhudza makina. Zida zilembedwe m'buku la katundu wa mpingo, zisungidwe m'bokosi lotseka chifukwa cha fumbi la mu Okutobala. Nyimbo iliyonse isungidwe ngati WAV kapena FLAC m'malo awiri osiyana, osati MP3 ya pa WhatsApp yokha, ndipo dzina la amene anaipeka lilembedwe ndi kukalembetsedwa ku COSOMA. Mukatero mudzathanso kunyamula laputopu ndi maiki awiri kupita kwa agogo athu amene akukumbukira maimbidwe akale a ku Chilanga, ndi ku maesiteti kumene matenanti amapemphera pansi pa chigafa, anthu amene sadzakwanitsa ya minibasi yopita ku situdiyo ya ku Lilongwe, mukawajambule nawonso.