KODI KUTSATA WOSEWERA WOSATCHUKA NDI KUTAYA NTHAWI?

Loweruka madzulo, dzuwa likapendeka ndipo kutentha kwa m'chigwa kukachepako, munthu wodutsa pa msika wa Mtakataka amamva phokoso lochokera m'kanyumba ka malata. M'menemo anyamata ndi abambo apanikizana ngati usipa m'dengu, alikuonera mpira wa ku England pa kanema, ndipo maina a osewera a Arsenal ndi Manchester United amawadziwa monga adziwira maina a abale ao. Pa nthawi yomweyo, pa bwalo la fumbi pafupi ndi sukulu, ana a m'mudzi momwemo alikuthamangitsa mpira, ena opanda nsapato, koma owaonera ndi owerengeka. Wina akafunsidwa chifukwa chake, amayankha kuti: "Tikaonerenji kumeneko? Amene aja sadzatchuka." Yankho limeneli labisa funso lalikulu: kodi munthu ayenera kulemekezedwa chifukwa cha kupambana kwake kokha?

Chodabwitsa ndi ichi, kuti ku Britain komweko, kumene maso a anyamata aja alozako, kuli anthu ena a khalidwe losiyana. Kumeneko kuli masewero a tenisi, m'mene anthu awiri amaponyerana kampira kakang'ono pamwamba pa ukonde. Mpikisano wake wotchuka ndi wa Wimbledon mu mzinda wa London, ndipo Andy Murray ataupambana mu 2013 dziko lonse lidakondwera, pakuti chipambanire Fred Perry mu 1936 padalibe mwamuna wa ku Britain amene adautenga. Koma pansi pa mipikisano yaikulu pali ina yotchedwa Challenger, ndipo pansi pa imeneyo pali yaing'ono koposa, yoyendetsedwa ndi bungwe la ITF. Ina imachitikira ku Sunderland kapena ku Shrewsbury, ina ku Monastir m'dziko la Tunisia kapena ku Sharm El Sheikh ku Egypt, kawirikawiri pamaso pa mipando yopanda anthu. Komabe alipo anthu amene amatsata osewera a kwao m'malo oterewa sabata ndi sabata. Amawerenga zigoli pa intaneti, amadziwa yemwe wavulala ndi yemwe wakwera pang'ono pa mndandanda, ngakhale dzina lake silidamvekepo pa wailesi.

Moyo wa osewera amenewa ndi wowawa. Mu 2019 mipikisano yaing'ono kwambiri inali ndi mphotho ya madola 15,000 yoti onse agawane. Wopambana adalandira madola oposa pang'ono 2,000, ndipo wogonja pa masewero oyamba sadafike ndi pa madola 200 pomwe. Ulendo, chakudya, malo ogona ndi mphunzitsi, zonsezo wosewera amalipira yekha. Bungwe la ITF litawerenga za chaka cha 2013 lidapeza kuti mwa osewera pafupifupi 14,000, oposa 6,000 sadalandire mphotho ina iliyonse, ndipo amene adabweza ndalama zao anali amuna 336 ndi akazi 253 okha. Ambiri a iwo adzakalamba osaponda pa bwalo lalikulu. Tsono wanzeru za dziko lino adzafunsa kuti: nanga wowatsatayo apindulanji?

Yankho loyamba limene anthu amapereka ndi lakuti m'mera mpoyamba, ndipo mwa ang'onoang'ono amenewa mudzatuluka wamkulu. Zitsanzo zilipo ndithu. Mu 2016 Marcus Willis, amene anali wa nambala 772 pa dziko lonse ndipo ankadzidyetsa pophunzitsa ena tenisi, adapambana masewero asanu ndi limodzi ochotsana kuti alowe mu Wimbledon. Mmodzi mwa amene adawagonjetsa anali Daniil Medvedev, yemwe adadzakhala woyamba pa dziko lonse mu 2022. Willis adapambananso masewero oyamba a mpikisanowo, kenaka adagonja kwa Roger Federer pa bwalo lalikulu, anthu zikwi alikumuwombera m'manja. Mu 2021 Emma Raducanu, mtsikana wa zaka 18 amene anali wa nambala 150, adapambana masewero khumi otsatizana natenga mpikisano wa US Open.

Yankho limeneli likoma m'khutu, koma ndi chikomekome cha mkuyu. Munthu wotsata wamng'ono chifukwa akuyembekeza kuti adzakula, sakonda wamng'onoyo ayi. Akonda ulemerero womwe uja, kungoti wafika msanga kudzalanda malo. Ali ngati wokongoza chimanga m'nyengo ya njala kuti pokolola adzalandire matumba awiri. Tsiku limene adzaone kuti wosewerayo sadzakwera, adzamtaya. Ndipo popeza ochuluka sakwera, ndiye kuti pa yankho limeneli khama la anthu zikwizikwi lija ndi lachabe, ndipo wanzeru za dziko uja wapambana mlandu.

Yankho loona lagona kwina. Ntchito ya munthu imalandira ulemu kuchokera kwa munthu woichitayo, amene adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, osati kuchokera ku kuchuluka kwa oiwombera m'manja. Paulo Woyera, polembera Akorinto, adatenga chitsanzo cha othamanga: adavomera kuti mphotho amalandira ndi mmodzi, komabe chimene adafuna kuti akhristu atengere ndicho kudziletsa kwa onse okonzekera liwirolo. Wosewera amene amadzuka mbandakucha, nadziletsa pa chakudya ndi chakumwa, nagonja osanyenga, nagwira chanza cha womgonjetsa, wachita kanthu kabwino kale, ngakhale wina asaone. Amene amamuona namuyamikira achitira umboni choonadi. Murray yemwe uja, atachitidwa opaleshoni ya m'chiuno mu 2019, adatsika kukasewera mpikisano wa Challenger ku Mallorca, iye amene adakhala woyamba pa dziko lonse mu 2016. Munthuyo anali yemweyo, ndipo khama lake pa bwalo laling'onolo silidachepe mtengo chifukwa oonera adachepa.

Wotsatayo nayenso amaphunzira kanthu. Mtima womamatira kwa wopambana yekha umazolowera kuthawa. Ambuye Yesu polowa mu Yerusalemu khamu linali lalikulu, koma pa tsinde la mtanda padatsala Amai Maria, Yohane ndi akazi owerengeka. Masewero ndi chinthu chaching'ono poyerekeza ndi zimenezo, komabe makhalidwe aakulu amaphunziridwa pa zinthu zazing'ono. Amene adazolowera kukhala pambali pa wogonja, osamnyoza ndi osamthawa, ndiye adzakhale pambali pa mkazi wake akadwala matenda a mgonagona, ndi pambali pa bwenzi lake ntchito ikamthera.

Wina adzatsutsa kuti: kodi kusankha a kwanu okha si tsankho? Thomas Aquinas Woyera adaphunzitsa kuti chikondi chili ndi dongosolo lake: munthu afunire anthu onse zabwino, koma popeza sangathe kuthandiza onse, ayambe ndi amene ali naye pafupi. Choncho munthu wa ku Britain wotsata wosewera wa ku Britain salakwa. Kulakwa kumalowa pamene ayamba kukondwera ndi kuvulala kwa mlendo, kapena kukana kuyamikira luso chifukwa mwini wake ndi wa mtundu wina.

Palinso njoka ina yobisala m'udzu womwewu, ndiyo njuga. Sikuti onse owerenga zigoli za mipikisano yaing'ono ndi abwenzi a osewera. Ambiri aikapo ndalama. Mu 2018 akatswiri amene adapatsidwa ntchito yofufuza za tenisi adapeza kuti chinyengo chogulitsa masewero chidafala makamaka pa mipikisano ya pansi, pakuti wosewera wosauka akalonjezedwa ndalama zoposa mphotho kuti agonje dala, mayeso ake ndi aakulu. Ndipo obetcha akataya ndalama amatumizira wosewerayo mau otukwana ndi oopseza. Wobetcha ndi bwenzi amayang'ana zigoli zomwezo, koma wina aona munthu pamene mnzake aona chida chopezera ndalama. Tchimo limeneli silili kutali ndi Mtakataka, popeza lamya ya m'manja yalowetsa njuga ya mpira m'midzi, ndipo ndalama ya feteleza imatha m'madzulo amodzi.

Bwenzi loona lilinso ndi udindo wonena zoona. Kulimbikitsa mnyamata kuti apitirire kusewera pamene wasiya sukulu, kapena pamene ana ake alikugona ndi njala, kumeneko ndi kumnyenga. Ikafika nthawi yosiya, womkonda amuuze mwaulemu, ndipo asaleke kumlemekeza atasiya. Chimodzimodzi wotsatayo asalole masewero kumlanda nthawi ya kumunda, ya banja ndi ya Nsembe ya Misa.

Dera lino lili ndi phunziro lake. Ansembe a chipani cha White Fathers adafika ku Mua mu 1902, ndipo padapita zaka 35 kuti Cornelius Chitsulo, mwana wa dera lomweli, akhale wansembe wa Chikatolika woyamba wa dziko lino mu 1937, asanadzozedwe kukhala episkopi mu 1957. Pa zaka zonsezo aphunzitsi a m'midzi adaphunzitsa ana ambirimbiri pansi pa mitengo ndi m'tinyumba ta udzu. Mmodzi adakhala episkopi. Ena adakhala alimi, asodzi ndi amai a mabanja, ndipo maina ao adaiwalika. Palibe mkhristu angayerekeze kunena kuti thukuta la aphunzitsi aja lidapindula pa mwana mmodzi yekha, ndi kuti pa ena onse lidatayika.

Kuonera mpira wa ku England si tchimo, ndipo luso lalikulu liyenera kuyamikiridwa kulikonse kumene lipezeka. Koma amene afuna kutengera za ku Britain atengerenso khalidwe la anthu ochepa aja okhala pa mipando yozizira ya ku Sunderland chifukwa cha mwana wa kwao. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anyamata a mpira wa miyendo ndi atsikana a mpira wa manja a ku Mtakataka, Golomoti ndi Mua kawirikawiri amakumbukiridwa pamene ofuna mavoti abwera ndi bonanza, chisankho chikatha naiwalika. Chimene asowa koposa ndi akuluakulu oima pambali pa bwalo Loweruka lililonse, odziwa maina ao, owadzudzula akanyenga ndi owalimbitsa mtima akagonja. Bwalolo lili pafupi, ndipo pakhomo pake salipiritsa.