Miyala ya ku Mappleton ndi Anansi a Kumwera

Kum'mawa kwa England kuli gombe lotchedwa Holderness, lotalika makilomita pafupifupi 60 kuchoka ku Flamborough Head kukafika ku Spurn Point. Maphompho a m'mbali mwa nyanja kumeneko si a thanthwe ayi, ndi a dongo lofewa losakanikirana ndi timiyala, lomwe linasiyidwa ndi madzi oundana kalekale. Mvula ikalinyowetsa limatsetsereka, mafunde n'kulikokolola. Chaka chilichonse nyanja imadya mtunda pafupifupi mamita awiri, ndipo midzi yoposa 20 yomwe inalipo kale lero ili pansi pa madzi.

Mu 1991 mudzi wa Mappleton unali pafupi kugwera m'nyanja pamodzi ndi msewu wa B1242. Akuluakulu anawononga ndalama pafupifupi mapaundi 2 miliyoni, anaitanitsa miyala ikuluikulu kuchokera ku Norway, n'kumanga mipanda iwiri yolowa m'nyanja. Mudziwo unapulumuka.

Koma tiyeni tione zomwe mipandayo imachita. Pagombe limeneli mafunde amanyamula mchenga kuchoka kumpoto kupita kumwera, ndipo mchenga umenewo ndiwo umatchinjiriza tsinde la phompho. Mipanda ya ku Mappleton inaugwira mchenga uja. Kumwera kwake, cha ku Cowden, gombe linatsala lopanda chotchinga, nthaka inayamba kugumuka mofulumira kuposa kale, minda ndi nyumba zina n'kupita.

Funso lathu lili apa, anzathu: kodi anthu a ku Mappleton analakwa? Ife tikuona kuti ayi. Munthu amene nyumba yake yatsala pang'ono kugwa sangadzudzulidwe chifukwa chopempha thandizo, ndipo palibe amene anaunjika miyala n'cholinga chopweteka mnansi. Komabe mlimi wa ku Cowden munda wake unapita ndithu. Mtima wa omanga unali woyera, koma vutolo silinathe, linangosamukira pakhomo pa wina.

Chovuta n'chakuti gombe lonse silingatetezedwe. Ndalama sizingakwane, komanso dongo lomwe limagumukalo silipita pachabe: mchenga wake umamanga Spurn Point, ndipo matope ake amakafika m'madambo a mtsinje wa Humber, omwe amachepetsa mphamvu ya mafunde kwa anthu a kumeneko. Choncho amene akutaya munda akuthandiza kuteteza anthu omwe sadzakumana nawo, popanda wina kumupempha kapena kumuthokoza. Ndipo lamulo la ku England silipereka chipukuta misozi kwa munthu amene nyumba yake yadyedwa ndi nyanja.

Posankha malo oteteza, akuluakulu amayerekezera mtengo wa mpanda ndi mtengo wa katundu wopulumutsidwayo. N'chifukwa chake matauni a Hornsea ndi Withernsea ali ndi makoma, malo olandirira gasi a ku Easington ali ndi miyala yowatchinga, koma minda ndi nyumba zapatalipatali zasiyidwa. Kuwerengera kumeneku si kopusa. Chimene chikutidetsa nkhawa n'chakuti kumangoona ndalama, ndipo wochepa katundu amatsala kunja nthawi zonse.

Ife tikuganiza kuti wa kumwera anayenera kukhala nawo pa zokambirana mwala woyamba usanatsitsidwe, ndipo mbali ina ya ndalama zija inayenera kukhala yomuthandiza kusamuka. Mwina ena mwa inu munganene kuti zikanatero mpanda sukanamangidwa msanga, Mappleton n'kugwa anthu akadali pamsonkhano. Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo tiyambire pomwepo pokambirana.