Kupirira pa Chiyambi cha Ntchito Yoyendetsa Ndege

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini riziki. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake Muhammad.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, tikaona ndege ikunyamuka pa bwalo la Chingodzi ku Tete, timayesa kuti woiyendetsa ndi munthu wolemera. Koma chiyambi cha ntchitoyi n'chowawa. Wachinyamata amalandira chiphaso chomulola kuyendetsa ndege molipidwa atauluka maola pafupifupi 200, kawirikawiri ali ndi ngongole ya maphunziro. Kuti adzakhale kaputeni wa ndege zikuluzikulu zonyamula anthu, pamafunika maola 1,500. Pakati pamenepa pali zaka za tindege ting'onoting'ono, malipiro ochepa ndi kugona kutali ndi banja.

Apa m'pamene Shaitwani amanong'oneza kuti awonjezere maola m'buku lake, auluke ngakhale atatopa, asakane kunyamuka nyengo itaipa poopa bwana. Womvera zimenezi waphwanya amana, pakuti miyoyo ya okwera anaisungitsa kwa iye.

Tikumbukire Mneneri Musa (Alayhi Salaam), amene anagwira ntchito ku Madyan zaka zosachepera 8 asanapatsidwe uneneri. Zakazo sizinapite pachabe, zinkamukonza. Chimodzimodzinso, ola lililonse lolembedwa moona limakhwimitsa dzanja ndi maso. Kupirira sikutanthauza kuvomera kuponderezedwa: kupempha malipiro oyenera n'kololedwa, koma kunama n'koletsedwa.

Ife makolo, tisawasenzetse anawa zofuna zathu malipiro awo asanakule. Allah atipatse mitima yokhutira ndi riziki la halali. Ameen.