Mtsinje wa Tinkanena udathira mu Siizi

Akuluakulu amanena mwambiwu kwa munthu wosamva chenjezo mpaka tsoka litam'gwera. Ukutikhudzanso pa nkhani ya nsomba. Ife a ku Kabanana sitikhala kunyanja, koma ndiwo zathu zimachokera m'madzi: kapenta wa ku Siavonga ndi ku Mpulungu, nsomba za mu Kafue.

Chaka chilichonse, kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February, boma limaletsa kupha nsomba mu Kafue kuti ziswane. Koma ena amakokabe ndi maukonde a udzudzu, kusesa mazira ndi tiana tomwe. Zimandiwawa, chifukwa ogula tinsomba timeneti pamsika ndi ife tomwe. Amayi ndi abambo, nyengo yoletsa ikafika, funsani kumene nsombayo yachokera musanatulutse ndalama.