Pa Ulendo wa ku Namitete, Agogo Asatsale

Adzukulu anga, inu amene mukufuna kulembera ana nthano, Kalulu ndi Fisi asiyeni apumeko. Lembani za banja limene lakwera minibasi ku Lilongwe kupita kumudzi, mumsewu wa ku Mchinji, ndipo pampando wa pawindo mukhazikepo agogo.

Akuda a ku America anayamba kale. Mu 1995 Christopher Paul Curtis anatulutsa buku la ana, The Watsons Go to Birmingham – 1963, la banja lopita pagalimoto kwa agogo ku Alabama. Mwana amaseka nalo mpaka kufika pa bomba limene azungu atsankho anaphulitsa m'tchalitchi cha akuda. Kumeneko, kuyambira 1936, akuda ankayenda ndi kabuku kotchedwa Green Book kowauza malo ogona ndi odyera kumene sakapitikitsidwa.

Ife galimoto tinalibe, koma tsankho la paulendo tinalidziwa. Mzungu ankagona m'machila, makolo athu atamunyamula pamapewa, ena m'mbuyo atasenza katundu wa mtengatenga. Ukakumana naye panjira unkavula chipewa. Kupanda kutero, mavuto. Nkhani ya chipewayi inatulukanso pa kafukufuku wa boma John Chilembwe ataukira mu 1915. Kwa mwana, chipewa chimodzi chimenechi chimamveka kuposa mawu onse a m'buku la mbiri, chifukwa iye amadziwa kuwawa kochititsidwa manyazi anzake akuona.

Ndiye galimoto ikamadutsa pa Mpingu, agogo aloze minda ya fodya, anene za Barron, mzungu wa esiteti ya Mbabzi, amene m'ma 1920 anafalitsa fodya wa chikopa m'dera lino: wolima anali wakuda, woika mtengo anali mzungu. Pa Namitete akumbuke anyamata amene ankatengedwa ndi Wenela kupita kumigodi ya ku Joni, kukayenda ndi chitupa ngati akuba, mpaka Kamuzu analetsa ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu oposa 70.

Koma musaname kuti mzungu aliyense anali chilombo. Mwana wa ku Nambuma adzakufunsani kuti nanga ansembe amene anatsegula mishoni ndi sukulu kwawo anali ayani. Musabisenso zathu. M'ma 1970 boma lathu lomwe linachotsa amwenye m'misika ya kumidzi kuti azikagulitsa m'tauni basi, ndipo makonde a masitolo awo akale akadalipo m'malo ambiri. Mdzukulu wa m'nthano yanuyo afunse ndithu kuti eni ake anapita kuti, agogo akande kumutu asanayankhe.

Chinanso, musaiwale kuti ndi ulendo. Tayala liphulike, kondakitala akanganeko ndi amayi za chenje, ana alimbirane chimanga chootcha. Agogo akamangolalikira kuyambira pa depoti mpaka ku Namitete, mwana atseka buku asanafike pa tsamba lachitatu.