ZA CHIBALE CHA MWA KRISTU

Werengani Marko 3:31-35.

Tsiku lina Ambuye Yesu anali m'nyumba alikuphunzitsa, anthu atamzinga ponseponse. Ndipo anafika amache ndi abale ache, naima pabwalo, natuma munthu kukamuitana. Koma Iye anapenya anthu okhala pansi aja, nawauza kuti yense womvera Mulungu ndiye wa pa banja lache. Mau amenewa ngolimba kwa ife, pakuti kwathu kuno munthu adziwika ndi mimba imene anaturukamo. Mwana akadwala tithamangira kwa malume ache. Mlandu ukagwa tifunsa mwini mbumba. Ndipo mkamwini, angakhale adzaze nkhokwe zitatu pamudzi, tsiku lakufa mkazi wache akumbutsidwa kuti ali mlendo.

Musayese kuti Ambuye ananyoza amache. Iai. Ali pamtanda anawapereka m'manja mwa wophunzira amene anamkonda, munthu wosabadwa m'mimba mwao, ndipo iye anawatenga nanka nao kwao (Yohane 19). Pomwe mwazi wa Ambuye unalikugwa, pomwepo mai anapeza mwana, mwana napeza mai. Chibale chimene tilikunena chinabadwira pamenepo.

Ife a Mwanza tinachiona chinthu ichi ndi maso athu. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, makamaka kuyambira 1986, anthu anaoloka malire pa Zobue ndi m'tinjira ta m'thengo, mphika pamutu, mwana kumbuyo, kufikira othawa m'dziko lonse la Malawi anapitirira 1,000,000. Ena anakhala m'misasa monga ku Luwani, koma ambiri anangolowa m'midzi yathu, napatsidwa pogona ndi kachigawo ka munda. Mtendere unalembedwa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo anabwerera kwao. M'chaka cha 2015 mfuti zinalilanso ku Tete, ndipo anthu zikwi anadzaza mudzi wa Kapise, kufikira m'chaka cha 2016 anayamba kuwasamutsira ku Luwani.

Wina adzati, Amenewo anali abale athu kale, chinenero chimodzi, malire anangodula minda. Zoonadi, kwa ena zinali chomwecho. Koma analipo ena amene pfuko lao palibe analidziwa. Nanga mkazi amene anagawa ufa wache wotsiriza ndi munthu wotere, chifukwa anamuona alikugwada naye m'nyumba ya Mulungu, anatsata lamulo la yani? Si la makolo ai. Komanso tisadzitame, pakuti analipo ena a ife amene anawalimitsa ganyu tsiku lathunthu nawapatsa mbale ya madeya, ndipo pa tsiku la mapemphero anaimba nao nyimbo imodzi osachita manyazi.

Kumbukirani Rute, mkazi wa ku Moabu. Mwamuna wache atafa panalibe chomangira iye kwa apongozi ache Naomi, koma anasankha anthu ao ndi Mulungu wao. Mlendo ameneyo anakhala kholo la mfumu Davide, ndipo Mateyu analemba dzina lache pa mndandanda wa makolo a Ambuye.

Tsopano nkhondo iri chete, koma alendo sanathe pakati pathu. Alipo mkamwini wokalamba amene abale a mkazi wache amuuza kuti achoke, asiye mitengo ya manachesi imene anabzala ndi manja ache. Ndipo ena omuthamangitsawo adya naye Mgonero wa Ambuye. Alipo mtengwa wamasiye amene alamu ache anamlanda mbuzi ndi malata maliro asanazizire. Alipo mwana wamasiye amene adya pambuyo ana a m'nyumba atakhuta. Inu akulu a mpingo, pobatiza anthu amenewa munawalandira monga ana a Atate mmodzi. Mlandu wao ukafika pabwalo la mfumu, ndani adzakhala kumbali yao monga nkhoswe, ngati inu mukhala chete ndi kunena kuti ndi za pabanja?

Mwezi uno mpingo uli wonse uwerenge okalamba ndi amasiye opanda mbumba pamudzi, ndipo anyamata ndi amai a mpingo akaone madenga ao. Udzu ukadalipo kudambo, ndipo mvula siinayambe.