Kodi Luso Ndi la Mwini Wake Yekha?

Anthu ambiri apaulendo amadziwa Ngara, m'boma la Karonga, chifukwa cha usipa. Basi ikaima pamsewu wa M1, ogulitsa nsomba amathamangira kumazenera, ndipo chakugombe la nyanja ya Malaŵi kumaoneka mathandala oyanikapo usipa. Koma mlendo wodekha akayandikira makonde a masitolo amamva phokoso losiyana ndi la mafunde, phokoso la makina osokera opalasa ndi mapazi. Pamakonde amenewa ndi pamene pagona funso la nkhani ino.

Telala wokhalitsa pantchito amakhala ndi chuma chimene munthu wamba angachiyese zinyalala. Chumacho ndi mapatani, ndiye kuti zidutswa za mapepala zodulidwa molingana ndi mbali za chovala: kutsogolo, kumbuyo, mkono, kolala ndi thumba. Telala amayala nsalu, nkuika patani pamwamba pake, nkulemba ndi choko m'mbali mwake, kenaka nkudula. Kumudzi mapatani otere sagulidwa m'sitolo. Amadulidwa pamapepala a matumba a simenti, pamakatoni a sopo kapena panyuzipepala zakale. Nthawi zina telala amamasula chovala chakaunjika chimene chamusangalatsa nkujambula mbali zake. Patani isanafike pokhala bwino imakhala itaonongetsa nsalu zingapo, choncho mtengo wake weniweni ndi zaka zimene mwini wake anatha pophunzira.

Taganizirani za telala wina wa pa Ngara amene wasoka kwa zaka 40. Mapatani ake onse ali m'katoni imodzi pansi pa tebulo. Mkono wa malaya a mwana wagona pamodzi ndi kolala ya jekete ya munthu wamkulu, ndipo palibe chidutswa chimene chinalembedwa dzina. Iye yekha akapisa dzanja amatulutsa chimene akufuna, pakuti amachizindikira ndi pong'ambika pake kapena ndi dontho la mafuta a makina. Tsopano maso ayamba kuchita chidima. Mwana wake wamkazi, amene wakhala akumuthandiza kusokerera mabatani, akupempha kuti, "Adada, bwanji tisanje mapepalawa? Ndigule maenvelopu ndi kope kuti chovala chilichonse chikhale ndi nambala yake." Bamboyo akukana. "Mwanangu, nzeru za m'katoni muno ndi zimene zakulera. Ukazilemba m'kope, aliyense wodziwa kuwerenga asanduka telala. Ndipo tsiku limene udzakwatiwe, kopelo lidzapita nawe kumudzi kwa eni ake."

Kukana kwa bamboyu sikuyenera kusekedwa. Pamalo ngati Ngara osoketsa ndi owerengeka, ndipo ndalama zimayenda bwino nsomba zikamaphedwa zambiri. Kaunjika analanda kale anthu ambiri amene ankasoketsa malaya ndi mabuluku. Komanso kumpoto kuno mkazi akalowoledwa amakakhala kwa mwamuna wake, kotero nkhawa yakuti luso lidzachoka pabanja ili ndi maziko. Kwa telalayu chisokonezo cha m'katoni chili ngati loko, ndipo kiyi wake ali m'mutu mwake. Iye akuona kuti munthu amene anavutikira chinthu ali ndi ufulu wochitsekera. Ngati msodzi saulula kwa aliyense malo amene amapha nsomba zambiri, telala aululirenji zake?

Komabe ganizo limeneli lili ndi zofooka zitatu. Choyamba nchakuti palibe telala amene anayamba yekha luso lake. Makina amene amapalasa ndi zidzukulu za makina amene anthu ngati Isaac Singer anakonza ku America. Singer analembetsa ake mu 1851. Nzeru yodula patani imodzi m'masaizi osiyanasiyana nkumagulitsa kwa anthu wamba inafalitsidwa ndi Ebenezer Butterick, telala wa ku Massachusetts, amene anayamba malonda amenewa mu 1863 mothandizana ndi mkazi wake Ellen. Ndipo pafupi pomwepa, panali telala wina wachikulire amene anamulola mnyamata uja kukhala pambali pa makina, namuonetsa kagwiridwe ka sizasi. Chimene munthu analandira kwa ena nkuwonjezerapo chake chili ngati ngongole. Amene anamukongoza anamwalira kale, choncho njira yokha yobwezera ndiyo kupatsira amene akubwera m'mbuyo.

Chachiwiri nchakuti pepala ndi mutu zonse zimatha. M'mbali mwa nyanja chinyezi chimafewetsa mapepala, chiswe ndi mphemvu zimadya makatoni, ndipo Karonga ndi boma lodziwika ndi madzi osefukira. Zivomezi za mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba zambiri m'bomali, nkukumbutsa anthu kuti katundu wa zaka zambiri angakwiririke m'kamphindi. Koma ngakhale katoni itapulumuka zonsezi, tsiku limene mwini wake adzaikidwe m'manda kiyi uja adzapita naye. Otsala adzatsegula katoni nkupezamo mapepala opanda tanthauzo, ndipo adzakolezera moto kapena kukulungira usipa. Pamenepo telala amene ankaopa kuberedwa ndi mnzake adzakhala atadzibera yekha pamodzi ndi ana ake.

Chachitatu nchakuti chinthu chimapeza tanthauzo chikalembedwa dzina ndi kumene chinachokera. Boma la Karonga lomweli lili ndi chitsanzo chabwino. Mu 1991, ku Uraha chakufupi ndi Chilumba, gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza fupa la nsagwada ya munthu wakalekale, la zaka zoposa 2 miliyoni. Fupalo analipatsa nambala yakuti UR 501, nalemba malo enieni amene linapezeka ndi mtundu wa dothi limene linagonamo. Chifukwa cha kalembera ameneyu akatswiri a m'maiko akutali amatha kuliyerekeza ndi mafupa a ku Kenya ndi ku Ethiopia. Likanatoledwa ndi munthu wongodutsa nkuponyedwa m'thumba, likanakhala ngati mwala wamba. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, imagwira ntchito yake motsata nzeru yomweyi. Mkono wa malaya wodulidwa pathumba la simenti suposa fupa lija pa ulemerero, koma lamulo lake ndi limodzi: chopanda dzina chimafa ndi amene amachidziwa.

Nanga kusanjako kumatheka bwanji? Sikulira chuma chambiri. Mapatani amagawidwa m'magulu: zovala za amuna, za amayi, za ana, yunifomu za sukulu, ndi yunifomu za kumpingo monga bulauzi yoyera ya amayi a Umanyano. Chovala chilichonse chimakhala ndi envelopu yake ndi nambala yake, ndipo kunja kwa envelopu kumajambulidwa chithunzi cha chovalacho. Pachidutswa chilichonse pamalembedwa nambala ija, dzina la chidutswa, saizi, kuchuluka kwa zidutswa zofunika kudula, ndi muvi wosonyeza kumene ulusi wa nsalu ukulowera, pakuti nsalu yodulidwa mopingasa imapotoka ikachapidwa. M'kope mumalembedwa mndandanda wa manambala onse, mamita a nsalu ofunika, ndi machenjezo amene mwini luso yekha angapereke, monga akuti chitenje chamaluwa akuluakulu chimafuna nsalu yowonjezera kuti maluwawo akumane pamsoko. Machenjezo otere ndiwo mtima wa kope, ndipo sangalembedwe mwini wake atapita.

Wosanja amakumananso ndi chiyeso chotaya zimene zinatha fasho. Apa pafunika kudekha. Mu 1973 boma linakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo lamulolo linathetsedwa pamene dziko linkalowa mu ulamuliro wa zipani zambiri, itachitika riferendamu ya mu 1993. Choncho katoni ya telala wakale ndi mboni ya mbiri ya dziko: muli madiresi aatali a nthawi imeneyo, ndipo mabuluku a amayi akuonekamo mochedwa. Ku America, yunivesite ya Rhode Island imasunga mapatani akale zikwi zambiri kuti ofufuza adziwe mmene anthu ankavalira. Telala wa pa Ngara sangasunge zonse, koma kusiya patani imodzi ya mtundu uliwonse ndi ulemu kwa amene anavala zovalazo.

Pali chinthu chimodzi chimene sichiyenera kulowa m'kope la aliyense. Telala amakhalanso ndi kabuku ka miyeso ya osoketsa. M'menemo muli zinsinsi za matupi a anthu. Tepi imadziwa za mtsikana amene chiuno chake chayamba kukula makolo asanadziwe, ndi za bambo amene khosi lake likucheperachepera chifukwa cha matenda amene sanauze mnansi. Zimenezi si luso la telala. Ndi zinthu zimene eni ake anamusungitsa pomukhulupirira. Luso likagawidwa limachuluka, koma chinsinsi chikagawidwa chimavulaza mwini wake. Munthu wanzeru amasiyanitsa ziwirizi, ndipo nzomvetsa chisoni kuti ambiri amazitembenuza: amabisa luso limene likanathandiza mudzi, nkumaulula pakhonde zinsinsi za amene anawayesa.

Tsono yankho la funso lija ndi lotani? Luso ndi la mwini wake pa nthawi ya moyo wake, ndipo ali ndi ufulu wosankha womuphunzitsa, nthawi yomuphunzitsira, ngakhalenso malipiro. Wophunzira nayenso ali ndi udindo wosasandutsa mphunzitsi wake wopemphapempha. Mwana amene walandira kope ayenera kukumbukira dzanja limene linadula mapepalawo. Chimene mwini luso alibe ndi ufulu wolikwirira m'manda. Ndiponso mantha ake ndi opitirira muyeso, pakuti kope silisoka. Wowerenga patani afunikabe zaka kuti diso lake lizindikire phewa lotsika ndi msana wopindika.

Akuluakulu anati kupatsa nkuika. Mwana wamkazi uja akadzakwatiwa ku Chilumba kapena ku Kaporo nkutenga kopelo, luso silidzakhala litachoka pabanja. Lidzakhala litafika kugombe lina kumene adzukulu adzadyerepo. Telala wa pa Ngara akadali ndi maso okwanira kuzindikira dontho la mafuta lija. Nthawi yotulutsa katoni pansi pa tebulo, nkuuza mwana kuti alembe nambala 1 pa envelopu yoyamba, ndi ino.